Kodi n'koyenera kulipira Similarweb pofufuza za Stack Overflow?

Nabanda:
Moni nonse. Ndikulemba kafukufuku womalizira maphunziro anga, ndipo ndikufuna kudziwa mmene Stack Overflow, tsamba la mafunso ndi mayankho la anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, yafookera kuchokera pamene ChatGPT inatuluka pa 30 November 2022. Maganizo anga ndi oti ndilipire Similarweb, kampani yoyeza kuchuluka kwa anthu olowa pamasamba a intaneti, kwa miyezi itatu kuti ndione chiwerengero cha anthu olowa patsambali mwezi ndi mwezi. Vuto ndi lakuti malipirowo ndi a madola, ndipo nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera kuno kwathu. Kodi ndigule?

A Phiri:
Achemwali, ndalamayo musaitulutse. Pali Stack Exchange Data Explorer, chida cha eni ake a Stack Overflow chofufuzira zolembedwa patsambalo, yomwe ndi yaulere ndipo amaiwonjezera zatsopano sabata iliyonse. Mukalemba SQL (malamulo ofunsira nkhokwe ya deta) yowerenga mizere ya mu Posts (tebulo la mafunso ndi mayankho) imene PostTypeId yake ndi 1, kutanthauza mafunso okha, n'kuigawa malinga ndi mwezi, mudzaona nokha kuti mafunso anafika pachimake cha m'ma 2014, pamene ankakwana pafupifupi 200,000 pamwezi, kenako anayamba kuchepa pang'onopang'ono, anakwerako mu 2020 anthu atatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19, ndipo anatsika mofulumira pambuyo pa 2022. ChatGPT inapeza matenda atayamba kale, ndipo mfundo imeneyo muipeza osawononga tambala.

A Mwale:
Ndikupempha kusiyana nanu pang'ono, a Phiri. Kuwerenga mafunso sikuwerenga anthu. Ine ndalemba mapulogalamu kwa zaka zambiri, koma patsambalo ndinafunsapo kawiri kokha. Masiku ena onse ndinkadzera pa Google, kuwerenga yankho lokhala ndi chizindikiro chobiriwira, kukopera mizere itatu ya khodi n'kutseka. Anthu ngati ine ndife ochuluka, koma mu Posts simudzatipeza. ViewCount, yosonyeza maulendo amene funso latsegulidwa, imangopereka chiwerengero chonse kuchokera tsiku limene funso linalembedwa, siikuuzani kuti ndi angati anawerenga mwezi watha. Komanso tsamba lokhala ndi mafunso opitirira 20 miliyoni, lomwe limatseka mafunso obwerezabwereza, liyenera kulandira mafunso atsopano ochepa ngakhale owerenga akanakhala osachepa. Ngati nkhani ya achemwali ndi ya owerenga, mwezi umodzi wa Similarweb ndi woyenera kuulipira.

Nachisale:
Bambo Mwale akunena zoona pa za owerenga, koma ndikukayika ngati mankhwala ake ndi amenewo. Ziwerengero za Similarweb ndi zoyerekeza, sizichokera m'makompyuta a Stack Overflow, ndipo wokuyesani adzafunsa kuti zinapezeka bwanji. Ngakhale ziwerengero za eni ake zimafuna kusamala: mu 2023 kampaniyo inafotokoza kuti mbali ina ya kutsika kumene anthu ankaona inabwera chifukwa choti mu 2022 inasintha kayendetsedwe ka ma cookie (timafayilo totsatira olowa patsamba), moti alendo okana kutsatiridwa sankawerengedwanso.

Ndikuchenjezeninso pa SQL ija. Ine ndinachitapo ntchito yomweyo ndi ophunzira anga, tinasindikiza chithunzi chokongola n'kuchimata pabolodi, kenako tinazindikira kuti Posts ilibe mafunso ofufutidwa. Zaka zakale zinaoneka zochepa kuposa mmene zinalili, poti mafunso ambiri a nthawi imeneyo anachotsedwa kale. Tinabwereza zonse pogwiritsa ntchito PostsWithDeleted, tebulo lomwe lili ndi mafunso ofufutidwa omwe, ndipo zinatipweteka mtima chifukwa sabata yathunthu inapita pachabe.

A Mwale:
Mayi, nanga owerenga aja tiwapeza bwanji popanda kulipira?

Nachisale:
Njira ilipo, ngakhale ndi yotopetsa. Kampaniyo yakhala ikutulutsa nkhokwe yonse ya mafunso ndi mayankho miyezi itatu iliyonse pansi pa chilolezo cha Creative Commons. Mukatenga nkhokwe ziwiri zotsatizana n'kuchotsera ViewCount ya funso limodzi lomwelo, chotsalacho ndi chiwerengero cha maulendo amene funsolo linatsegulidwa m'miyezi imeneyo. Mafayilo ake ndi aakulu kwambiri, choncho chofunika kugula ndi hard drive ndi bandulo yokwanira, zomwe zimagulidwa ndi makwacha.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse. Similarweb ndayamba ndaisiya. Madzulo ano ndiyamba ndi PostsWithDeleted, ndipo Loweruka ndipita m'tauni kukafunsa mitengo ya hard drive. A Phiri, ndikutumizirani SQL yanga kuti muione ndisanaikhulupirire.