Nyimbo ya mawu ochepa koma yandigwira, chimakoka nchiyani?

Kabaza_KamuzuRoad:
Abale ndithandizeni. Loweruka ndinali pa ukwati ku Senga Bay, DJ anaika nyimbo ina ya chamba chovinira chija amati house, mawu ake ochepa zedi, mtsikana amangobwereza mzere umodzi basi, koma besi itangolowa anthu onse anadzuka mpaka azigogo, nane ndinapezeka ndili pakati thukuta lili kamukamu. Lero tsiku lachitatu ikungolirabe m'mutu ndikamapalasa njinga. Chimakoka munthu nchiyani mu nyimbo zimenezi?

DJ_wa_kunyanja:
Aise nkhani yagona pa ng'oma yapansi ija, timati kick. Mu house imagunda pa biti iliyonse, du du du du osadumphitsa, maulendo 120 mpaka 130 pa mphindi, nde phazi silisowa poponda olo usadziwe sitepe ina iliyonse. Kenako pali paja amachotsa ng'oma yonse nkutsala kiyibodi ndi mawu okha, anthu manja m'mwamba kudikira, ikamabwerera mpamene fumbi limabuka. Ine ndimayamba ndatsitsa dala besi pa mikisa kuti pobwera imveke pachifuwa. Nyimbo za house zinayambira ku Chicago ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Frankie Knuckles ankaika nyimbo pa kalabu yotchedwa Warehouse ndipo ambiri amati dzina loti house linachokera pamenepo. Kuno zinatifika kwambiri kudzera ku Joni, limodzi ndi kwaito, abale athu akamabwera ndi ma CD pa Khrisimasi.

Nambewe_KK:
Achimwene kwa ine si zachilendo izi. Ndinakulira ku Nkhotakota, ng'oma yaikulu ya mganda ikamagunda timaimva tili kudambwe nkusiya zochapa kuthamangira kubwalo. Pa chioda naponso nyimbo imakhala mizere iwiri yokha, mtsogoleri kuyambitsa ife kuvomera, kubwereza mpaka dzuwa kulowa ndipo palibe ankati yatopetsa. Kubwerezako nkomwe kumakupatsa mpata woti usiye kumvetsera uyambe kuvina. Zongondiwawa nzoti ana athu akudziwa za makina zokha, kukunga ng'oma pamoto sakudziwa.

Mphunzitsi_Chipoka:
Mwatsimikiza kuti inali house? Zambiri zomwe zikulira mmaukwati pano ndi amapiano, iyo ndi yodekha, imagunda maulendo cha m'ma 110 pa mphindi kapena kuposa pang'ono, ndipo mumaizindikira ndi log drum ija yomveka ngati mtondo. Koma ine ndinene chilungamo, zimandikomera pa sipika zazikulu pamchenga ngati ku Sand Music Festival, pafoni ndimazimitsa pasanathe mphindi ziwiri, ndimafuna nyimbo yondiuza kanthu.

Kabaza_KamuzuRoad:
Aphunzitsi inali yothamanga ndithu, ng'oma yake yosalekeza ngati mmene a DJ afotokozera. Za pafonizo mukunena zoona, mnzanga wanditumizira pa WhatsApp koma besi sikumveka mpang'ono pomwe, mawa ndipita nayo kwa ometa pa Kamuzu Road ali ndi sipika yaikulu. Amayi Nambewe, mganda umavinidwabe kwanuko? Ndikufuna ndidzaumve ndili pafupi ndi ng'omayo.