PlayStation 4 ikuyaka koma pa TV sipakuoneka chithunzi

Wa ku Chitakale:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawadziwa bwino makina amenewa. Ndili ndi PlayStation 4 yaikulu ija, imene achinyamata amalipira kuti asewerepo mpira pamalo anga pano pa Chitakale. Sabata yatha kunagwa mvula ya mphenzi usiku, magetsi anathima, ndipo kuyambira pamene anabweranso makinawa sakugwira ntchito. Ndikadina batani amalira kamodzi monga mwa nthawi zonse, kagetsi ka pamwamba kamathwanima mwabuluu kwa kanthawi kenako nkusanduka koyera, fani imamveka ikuzungulira, koma TV imangolemba kuti palibe chimene ikulandira. Wina wandiuza kuti bolodi yonse ya mkati, imene pamakhala tizipangizo ta magetsi, yapsa, wina akuti ndiitenthe ndi makina owumitsira tsitsi. Kodi ndiyambire pati ndisanawononge ndalama ya ulendo wa ku Limbe?

Wa ku Bvumbwe:

Achimwene, mtundu wa kagetsi kameneko ndi umene ukutiuza zambiri. PS4 imene yafa mkati imangothwanima mwabuluu osasintha, kapena imalira kamodzi nkuzima, koma yanu ikufika pa kuwala koyera, kutanthauza kuti yadzuka bwinobwino ndipo vuto lili panjira imene chithunzi chimadutsa popita ku TV. Yambani ndi zosafuna ndalama: bwerekani chingwe china cha HDMI, chija chopititsa chithunzi ku TV, chimene mwachiona chikugwira ntchito, yesani polowetsa pena pa TV yanu, kenako yesani pa TV ya mnzanu. Zikakanika, zimitsani makinawo kotheratu, mudine batani osalisiya mpaka mutamva kulira kwachiwiri, komwe kumabwera patatha masekondi pafupifupi 7. Pamenepo amalowa mu Safe Mode, yomwe ndi njira yapadera yoyatsira makinawa pofuna kukonza mavuto, ndipo chithunzi chikaoneka, lumikizani kontirola ndi chingwe cha USB musankhe Change Resolution.

Mmisiri wa ku Luchenza:

Ndikugwirizana ndi anzathu a ku Bvumbwe, koma ndiyambe ndi kukuletsani za makina owumitsira tsitsizo. Anthu amachita zimenezo poganiza kuti mtovu wa pansi pa chipu chachikulu wasweka, ndipo ngakhale pa vuto limenelo kutentha kotero kumangothandiza kwa masiku ochepa, pomwe kwa inu kungawononge bolodi imene ili bwino.

Tengani tochi muunike polowetsa chingwe cha HDMI kumbuyo kwa makinawo. Mkati mwake muli timano 19 tating'ono kwambiri, ndipo pamalo ngati anuwo, pamene chingwe chimazulidwa ndi kulowetsedwa tsiku lililonse ndi manja osiyanasiyana, timanoti timapindika, timathyoka kapena kukankhidwira mkati. Gwedezaninso pang'ono kachitsuloko muone ngati sikakugwedera, chifukwa nthawi zina kamazuka pa bolodi. Ngati zonse zili zowongoka, ndiye kuti nkhani ya mphenzi ija ikhala yoona. Mphamvu ya mphenzi siilowera ku soketi kokha; ikhoza kudzera pa dishi, kulowa mu dikoda, kupita mu TV, kenako nkutsika ndi chingwe cha HDMI mpaka kukapsereza kachipu ka Panasonic kamene kamatumiza chithunzi, kapena timasefa tating'ono timene tili pakati pa kachipuko ndi polowetsa chingwe. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wayeza ndi mita ngati pa dzino la nambala 18 pakufika mavoti 5, nayezanso timasefato, asanachotse chilichonse. Amene angokuuzani mtengo asanayeze, musamusiyire makina anu.

Wa ku Chitakale:

Zikomo kwambiri, akuluakulu. Ndayesa zingwe ndi TV ina, ndalowanso mu Safe Mode, koma chithunzi palibe, ngakhale kuti kontirola ikulumikizana ndipo nyali yake ikuyaka mwabuluu osathwanima. Nditaunika ndi tochi ndaona kuti timano tina ta mbali imodzi tagona ndipo takhudzana. Kodi ndingathe kutiwongola ndekha ndi singano?

Mmisiri wa ku Luchenza:

Bambo, mwapeza chimene chingakhale gwero la vutolo, ndipo ndi nkhani yabwino chifukwa kusintha polowetsa chingwe nkosavuta kusiyana ndi kusintha kachipu. Musawayatsenso makinawo timanoto tili chikhudzirane, pakuti dzino la mavoti 5 likagunda linzake lingathe kupsereza kachipu kamene mwina kadakali kamoyo. Singano sindikulimbikitsani, chifukwa timanoti tikapindika kamodzi timafooka, ndipo timathyoka mukangolowetsa chingwe kachiwiri. Pamafunika kuchotsa kachitsulo konseko ndi makina a mpweya wotentha, kuyeretsa pamalopo, ndi kuwotcherera katsopano dzino lililonse palokha, ntchito imene aini wamba yowotcherera mawailesi siingathe. Okonza mafoni ena ali ndi zida zimenezi, koma muwafunse ngati anagwirapo bolodi ya PS4, chifukwa ndi yokhuthala ndipo imamwa moto wambiri. Dziwaninso kuti mwina mavuto ndi awiri, timano ndi mphenzi, choncho mugwirizane kuti ayese chithunzi inu mukuona musanalipire.

Wa ku Limbuli:

Ndiwonjezerepo chimodzi. Popeza makinawo atsegulidwa ndithu, muwapemphe apukute fumbi la mu fani ndi pa timapepala ta chitsulo totulutsa kutentha, apakenso phala latsopano lothandiza kuchotsa kutentha pa chipu chachikulu, chifukwa PS4 yamtundu umenewo inayamba kutuluka mu 2013 ndipo phala lake liyenera kuti linauma kale. Aonenso m'bokosi la magetsi ngati mulibe mphemvu, zomwe zimakonda kubisalamo chifukwa cha kufunda ndipo zimapsereza zinthu, makamaka kuno kwathu kwa chinyezi. Bokosi limenelo musalitsegule nokha, pakuti limasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula ku soketi. Akakonza, chingwe cha HDMI chizikhala cholowetsa nthawi zonse osati kumachizula madzulo aliwonse, koma mitambo ya mvula ikayamba kugunda kuphiri muzizula zonse ziwiri, cha magetsi ndi cha ku TV.