Ndime ikafafanizidwa m'lamulo, nambala yake imapita kuti?

Akuluakulu odziwa malamulo kuno ku Zomba, tithandizeni. Bilu ikamakambidwa ku Nyumba ya Malamulo, ndime zake amazitcha clause. Ikasainidwa n'kutuluka mu Gazette (chikalata chomwe boma limalengezeramo malamulo), zimasanduka section, pansi pake (1), kenako (a), kenako (i). Aphungu akachotsa ndime pokambirana, manambala a mu bilu safanananso ndi a m'lamulo, apa mpomwe ambiri amasokonezeka. Koma lamulo lakale akaliwonjezera ndime sasuntha manambala, amangophatikapo chilembo, monga 137A mu Penal Code (lamulo la milandu ndi zilango zake), Cap. 7:01 (Cap. ndi nambala ya mutu wa lamulolo m'mabuku a malamulo a Malawi).

Ndiye ndime ikafafanizidwa, nambala yake imangokhala yopanda kanthu mpaka kalekale? Nanga malamulo akasindikizidwanso, 137A imakhalabe 137A? Polemba zikalata za kukhoti, titchule nambala ya Act (nambala yomwe lamulo limapatsidwa likakhazikitsidwa) ndi chaka chake, kapena Cap. yokha ikukwanira?