Abale, tizimitse aircon ya chipinda chosungira zolemba zakale kapena ziwonongeka?

Wofunsa (dzina labisidwa):
Abale ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndimasamalira chipinda chosungiramo zinthu zakale za bungwe lathu, ntchito imene anangondisiyira munthu wina atachoka, mpaka lero makiyi a makabati ena sindinawaone. Muli aircon yoyaka usana ndi usiku chaka chonse komanso server yosungira zomwe tinapanga sikani, nayonso siimazimitsidwa. Pano a komiti akuti tichepetse magetsi posamalira chilengedwe, ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, koma omwewo ndi amene amabwera kudzakhala m'chipindamo kukatentha n'kusiya chitseko chili pululu, ndikalankhula ati ndine wamwano. Mashelefu ndinapempha kalekale palibe yankho, makatoni ena ali pansi. Ma hard drive akufa angodzaza m'kabati. Ndizimitse aircon? Nanga server?

Wa IT:
SERVER IMENEYO ICHOKE LERO. Mafayilo amene simuwatsegula tsiku ndi tsiku akuzunguliranji pa disiki usiku wonse? Gulani LTO tape basi, tepi yosungira mafayilo a kompyuta. Tepi ikakhala pa shelefu siidya magetsi ngakhale pang'ono, LTO-9 imodzi imanyamula 18 TB (ma GB 18,000) ndipo opanga amati imatha zaka 30 ikasungidwa bwino. Nkhani yatha.

Mayi wa laibulale:
Mwasiya chachikulu achimwene, m'chipindamo muli chiyani kwenikweni? Mapepala okha, kapena mulinso zithunzi za mitundu, mafilimu, makaseti? Yankho likusiyana kwambiri. Ndipo makatoni a pansiwo akwezeni lero, ngakhale pa matabwa, madzi akalowa amayamba ndi amenewo.

Wachinyamata wina:
Pangani sikani zonse, ikani pa cloud, mapepalawo muwotche, aircon yathera pompo kkkk

Mphunzitsi wopuma:
Iwe mwana usamaseweretse mbiri ya anthu. Ine zithunzi zonse za ukwati wathu zinali pa flash, ndinaisunga bwinobwino mu envelopu, tsiku lomwe ndinaifuna kompyuta inangoti format. Za pepala zomwe anajambula makolo anga zilipo mpaka lero. Ndipo utsi wa mapepalawo ukupita kuti, si mumlengalenga momwemo?

Wa IT:
Bambo, flash ndi SSD (disiki yosazungulira) zimataya zinthu zikakhala nthawi yaitali osalumikizidwa ku magetsi, sizosungira za muyaya zimenezo. Ndiye ndikuti TEPI. Iwe wa cloud ukuganiza cloud ndi mtambo weniweni? Ndi ma data centre, nyumba zodzaza makompyuta zomwe zimaziziritsidwa usana ndi usiku. A International Energy Agency, bungwe loona za mphamvu monga magetsi, anati mu 2024 ma data centre anadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi. Mwangosamutsira aircon yanu kwa eni ake.

Wina wa zojambula:
Akulu mwakwera pa tepi ngati mumagulitsa ndinu. Makina owerengera tepiyo ndi odula, ndipo atsopano sawerenga matepi akale kwambiri. Ngati munthuyu ali ndi 200 GB yokha mukumugulitsa lole kuti anyamule thumba limodzi. Kupanga makina atsopano kumawononganso chilengedwe. Wofunsa, onani kaye mmene mumapangira sikani. Tsamba la A4 la mitundu pa 600 dpi (timadontho pa inchi iliyonse) mu fayilo ya chithunzi ya mtundu wa TIFF limafika 100 MB, pa 300 dpi ndi pafupifupi 25 MB, ndipo kalata yotayipa imawerengeka bwinobwino. Fufutaninso mafayilo obwerezabwereza, anthu amasunga chithunzi chimodzi m'mafoda asanu.

Wa IT:
Kufufuta? Kope imodzi si kope! Makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, imodzi ikhale kwina. Osanamiza anthu pano.

Wina wa zojambula:
Werengani bwino akulu, ndanena zobwerezabwereza mu disiki imodzimodziyo, osati backup.

Mayi wa laibulale:
Mukukangana za disiki pamene aircon ndi imene ikudya magetsi ambiri. Ngati ndi mapepala, safuna kuzizira koopsa, amadana ndi chinyezi komanso kusinthasintha mwadzidzidzi. Mu 2015 gulu la Bizot, la akuluakulu a ma museum, linavomereza kutentha kwa madigiri 16 mpaka 25 Celsius ndi chinyezi cha 40 mpaka 60 peresenti pa zinthu zambiri. A Image Permanence Institute, ofufuza kasungidwe ka zithunzi ku Rochester ku America, anayesanso kuzimitsa makina kwa maola angapo usiku m'zipinda zosungira. Pezani kachipangizo koyeza kutentha ndi chinyezi, lembani kwa milungu ingapo, kenako yesani kuzimitsa usiku muone. Chinyezi chikamadutsa 65 peresenti chuku chimayamba. Zoika m'makatoni otseka zimamva kusinthako mochedwa. Koma ngati muli mafilimu ndipo akununkha viniga, amenewo ayamba kale kuwonongeka, apatuleni, amafuna pozizira paokha. Ndikufunsanso, muli chiyani?

Wofunsa:
Zikomo nonse. Chondipweteka china n'choti wapampando anatenga kiyi ina osandiuza, dzulo ndapeza magetsi akuyaka kuyambira Lachisanu.

Membala wina:
Ma hard drive akufawo osataya kudzala chonde. Mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi, zokonzedwanso mwadongosolo sizinafike ngakhale kota. Abooleni kaye kuti zinsinsi za bungwe zisatuluke, kenako perekani kwa osonkhanitsa zamagetsi.

Wa IT:
Asanaboole ayese kaye kutulutsamo mafayilo, ena amangokhala kuti yafa ndi kebo. Akatuluka, onsewo pa tepi. Wofunsa tiuzeni muli ndi ma GB angati, mwangoti zii bwanji?