Tinagwirizana mtengo wina, bilu inabwera ina: gulu lathu lichite chiyani?

NaPhiri wa ku Kamuzu Road analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine msungichuma wa gulu lathu la banki m'khonde kuno ku Salima, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata awiri tsopano. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, tinagwirizana zotenga amayi athu okalamba kupita nawo kunyanja ku Senga Bay, kuti nawonso akapitidweko mphepo ndi kudya chambo chimene sanapale okha mamba. Kutatsala sabata imodzi ndinaimbira foni malo ena odyera a m'mbali mwa nyanjamo, omwe dzina lake sinditchula, ndipo tinamvana kuti tidzakhala anthu 22, mbale iliyonse ya chambo ndi nsima kapena mpunga idzakhala K18,000, ndipo chakudya chidzakhala chitapsa pofika 1 koloko masana. Ndinatumiza dipoziti ya K150,000 pa Airtel Money ku nambala imene bambo wolankhula naneyo anandipatsa.

Chakudya choyamba chinatuluka nthawi itadutsa 3 koloko, ndipo chinkabwera mbale ziwiriziwiri, moti oyamba kulandira ankasamba m'manja atatha kudya pamene ena anali asanaone ngakhale madzi osamba. Apongozi anga ali ndi matenda a shuga. Ndinawaona atagwira m'mphepete mwa tebulo, manja akunjenjemera, mpaka mtsikana wathu wina anathamangira kumsewu kukawagulira nthochi. Kenaka tinauzidwa kuti chambo chatha, otsalawo adye nkhuku, ndipo mbale zitatu za nkhukuzo tinazibweza chifukwa m'kati munali magazi.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi bilu. Inalembedwa pamanja, pa kapepala kothothola m'buku, ndipo inali K742,050. Analembapo mbale 27, zakumwa za K96,000, kenaka mizere itatu ya "service charge", VAT ndi "levy". Dipoziti yanga sinaoneke paliponse. Nditafunsa, mnyamata wotitumikirayo anati bwana amene ndinalankhula naye kulibe, ndipo ngati sitilipira zonse adzamudula iyeyo pa malipiro ake. Amayi athu anali atakwera kale minibasi, dzuwa likupendeka, ndipo sindinafune kuti tsiku lawo lithere m'phokoso. Tinasonkherana pomwepo n'kulipira zonse. Tsopano ena m'gulu akundiyang'ana ngati ndalama ya dipozitiyo ndinadya ndine. Kodi pali chimene ndingachite, kapena madzi akatayika saoleka?

Bambo Mwale a ku Chipoka anayankha kuti:

Pepani kwambiri mayi, makamaka chifukwa cha apongozi anuwo. Ine ndinagwirapo ntchito ya uweta kwa zaka zisanu ndi ziwiri m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, choncho ndikufotokozereni mmene zinthu zimayendera kuseri kwa chitseko cha khitchini, osati powaikira kumbuyo, koma kuti mudziwe pogwira.

Za mbale 27 zija, ndikukhulupirira kuti mbale zitatu zimene munabwezazo anaziwerenga kawiri. Weta akamakatenga chakudya, wophika satulutsa mbale popanda kapepala ka oda, ndiye mbale yolowa m'malo mwa yobwezedwa imalembedwa ngati oda yatsopano, ndipo ngati palibe wamkulu wosayinira kuti yoyambayo ifufutidwe, wa pakauntala amangophatikiza timapepala tonse. Zikatsalabe mbale ziwiri zimene sindikuziona kumene zachokera, ndipo pamenepo muganizire bwino ngati simunachuluke kuposa 22.

Za kuchedwa, tsiku la anakubala ndi limodzi mwa masiku amene Senga Bay imadzaza kwambiri pa chaka, chifukwa anthu a ku Lilongwe amatsika ndi mabasi kuyambira m'mamawa. Eni malo ambiri amalandira magulu onse oimba foni osayang'ana kuti ali ndi mbaula zingati ndi ophika angati. Chambo chimene anakusungirani n'kutheka kuti anagulitsa kwa gulu lina lofika msanga, ndalama ili m'manja. Kumeneko ndi kulakwa kwa mwini malo, ndipo dipoziti cholinga chake n'chakuti zoterezi zisachitike.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Mnyamata uja sananame. Ine ndemwe ndinadulidwapo pafupifupi theka la malipiro a mwezi chifukwa gulu lina linanyamuka osalipira kireti ya zakumwa, ndipo mwezi umenewo ana anga anadyera nsima masamba a chinangwa mpaka unatha. Lamulo la ntchito la 2000 silimpatsa bwana ufulu womangodula malipiro mwachisawawa, ndipo ofesi ya zantchito pa boma imamva madandaulo otere, koma aganyu a tsiku limodzi ambiri sadziwa, ndipo odziwawo amaopa kuti sadzaitanidwanso. Mukamabwerera kumeneko, mlandu wanu ukhale ndi mwini malo, ndipo munene momveka kuti simukufuna kuti ndalama yanu ichokere m'thumba mwa mwanayo.

NaMbewe, wowerengera ndalama ku Nkhotakota, anayankha kuti:

Mayi, ndatenga manambala anuwo n'kuwawerengera. Mbale 27 pa K18,000 ndi K486,000, kuphatikiza zakumwa za K96,000 zikukwana K582,000. Mukaikapo 10 peresenti ya "service charge", 16.5 peresenti ya VAT ndi 1 peresenti ya "levy", mukufika ndendende pa K742,050. Izi zikutsimikiza kuti dipoziti yanu sinachotsedwe ngakhale tambala imodzi, ndiponso kuti zonse zitatuzo anaziika pamwamba pa mtengo umene munagwirizana. Pepala limenelo lisungeni bwino, lijambuleni ndi foni lero lomwe, pamodzi ndi uthenga wa Airtel Money wosonyeza tsiku, nambala ndi dzina la wolandira. Ngati uthengawo munafufuta, mukhoza kukapempha sitetimenti ya akaunti yanu ku ofesi ya Airtel.

Mizere itatu ija si yofanana, ndipo ndi bwino kuisiyanitsa. VAT ndi msonkho wa boma, umene kwa zaka zambiri unali pa 16.5 peresenti, ndipo woyenera kuutolera ndi yekhayo amene analembetsa za VAT ku Malawi Revenue Authority. Kuyambira 2014 bungweli linalamula kuti otolera VAT azipereka lisiti la makina, limene limaonetsa dzina la bizinesi ndi nambala yake ya msonkho, ya TPIN. Munthu akakulipiritsani VAT pa kapepala kothothola m'buku, palibe chokutsimikizirani kuti K96,030 imeneyo idzafika kuboma, ndipo muli ndi ufulu wonse wofunsa lisiti lenileni. Ya 1 peresenti ija ndi ya zokopa alendo, imene malo ogona ndi odyera olembetsedwa amatolera. Koma "service charge" si msonkho wa boma ayi. Ndi ndalama imene malowo amadziikira okha, ndipo ngati sinalembedwe pa menyu komanso simunauzidwe pogwirizana mtengo, ine sindikuona chifukwa choti muilipire, makamaka pa utumiki umene unasiya mayi wodwala shuga akunjenjemera ndi njala.

Langizo langa n'lakuti muyambe mwalemba kalata yaulemu kwa mwini malo, yofotokoza zimene munagwirizana, zimene munalipira ndi ndalama imene mukufuna ibwezedwe, ndipo muikemo tsiku lomalizira. Mupite anthu awiri kapena atatu a m'komiti, wina asayine kuti walandira, inu musunge kope. Akakana kapena akangokhala chete, dandaulo lanu mukhoza kulipititsa ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene limamva madandaulo a ogula pa nkhani za mitengo yosocheretsa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula kuyambira 2003, ndipo bungwe loimira ogula la CAMA (Consumers Association of Malawi) nalonso limathandiza ndi uphungu. Ambiri timangodandaulira m'minibasi pobwerera kwathu, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mphunzitsi wopuma wa ku Lifuwu anayankha kuti:

Mwana wanga, ndikugwirizana ndi zonse zimene anzangawa anena pa za dipoziti, chifukwa imeneyo ndi ndalama yanu ndipo iyenera kubwerera. Komabe ndilankhuleko mbali imene ife a magulu sitikonda kuimva. Ndakhala ndikutsogolera maulendo a kwaya ndi a aphunzitsi kwa zaka zambiri, ndipo sindikumbukira ulendo umene chiwerengero chonenedwa pafoni chinafanana ndi cha anthu otsika m'galimoto. Pamapezeka mdzukulu amene agogo sanathe kumusiya, dalaivala ndi kondakitala amene mwambo wathu sulola kuti akhale panja ife tikudya, ndiponso wachibale amene tangokumana naye pamchenga. Zakumwa ndiye zimavuta koposa, pakuti aliyense amakodola weta payekha n'kunena kuti alembe pa gulu. Kodi pa K96,000 ija, alipo wa inu amene ankawerenga?

Ife tinaphunzira titapsa. Masiku ano munthu mmodzi yekha ndiye amaloledwa kuitanitsa, mabotolo opanda kanthu sachoka patebulo mpaka titawawerenga pamodzi ndi weta, ndipo mgwirizano wonse timaulemba pa WhatsApp kuti mwini malo ayankhe ndi mawu ake: anthu angati, ndiwo yanji, nthawi yanji, ndipo ngati mtengowo ukuphatikiza msonkho ndi zina zonse. Chiyambire kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023 mitengo imasintha kawirikawiri, moti mawu a pakamwa a sabata yatha munthu amawakana mosavuta. Timapemphanso kuti gulu likadutsa anthu khumi ndi asanu atiikire chakudya m'mapoto aakulu patebulo limodzi, aliyense azidzigawira, m'malo modikira mbale imodziimodzi. Ndipo bilu timaifunsa anthu akadali pakati pa kudya, osati atakwera kale galimoto, chifukwa nthawi imeneyo wofulumira ndinu, iwo sali pachangu.

Za anzanu amene akukukayikiraniwo, musadikire kuti nkhani ya kumalo odyera ithe. Itanitsani msonkhano, muike patebulo uthenga wa dipoziti ndi bilu ija, aliyense aone ndi maso ake.

NaPhiri wa ku Kamuzu Road anabweranso nati:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Aphunzitsi, mwanena zoona, ndipo ndivomere pamaso pa onse: dalaivala ndi kondakitala tinawaitana kuti adye nafe, choncho tinalipo 24, osati 22, ndipo ine ndinali nditaiwaliratu zimenezi chifukwa cha mkwiyo. Mukaphatikiza mbale zitatu zobwezedwa zimene a Mwale anena, 27 ija yakwana. Zakumwa palibe amene ankawerenga, kotero pamenepo sititsutsa kanthu.

Lamulungu lapitali ndinaonetsa gulu lonse uthenga wa Airtel Money, ndipo amayi awiri amene ankanong'onezana aja anapepesa pamaso pa anthu. Lachiwiri tinapita atatu ku Senga Bay ndi kalata, ine, wapampando ndi mlembi. Mwini malo tinamupeza, ndipo ataona uthengawo anavomera kuti nambalayo ndi ya manijala wake, amene sanalembe dipozitiyo m'buku. Watibwezera K150,000 pomwepo, pamodzi ndi K54,000 ya mbale zitatu zija. Pa "service charge" wakana, akuti zinalembedwa kumunsi kwa menyu, ngakhale ife menyu sitinapatsidwe n'komwe poti tinagwirizana pafoni. Lisiti la makina akuti atipatsa Lachisanu chifukwa makinawo anali ndi vuto, ndipo mlembi wathu wamuuza kuti likapanda kupezeka tsiku limenelo, kalata yathu ipita ku Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe.

Mnyamata uja tinamuona akupukuta matebulo. Wapampando anauza mwini malo, mnyamatayo akumva, kuti ndalama imene tabwezeredwayi isadulidwe kwa wantchito aliyense, ndipo mwini malo anavomera. Lachisanu pokatenga lisitilo ndikamufunsa mwanayo pambali ngati malipiro ake a mwezi uno alandira athunthu.