Pempho la uphungu: torsion beam kapena multi-link pa misewu ya ku Dedza?

Akuluakulu odziwa za magalimoto, ndikupempha nzeru zanu. Ndikufuna kugula galimoto yaing'ono, ndipo maganizo anga ali pa Honda Fit, yomwe kumbuyo ili ndi torsion beam, chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri, komanso pa Mazda Axela ya multi-link, imene tayala lililonse limakwera ndi kutsika palokha likagunda dzenje.

Ndimakhala pa boma la Dedza, koma kawirikawiri ndimatsikira ku Golomoti kudzera m'makhotakhota a Khwekhwelere nditanyamula matumba a mbatatesi, ndipo chimene ndimaopa kwambiri n'kugwedezeka kwa kumbuyo galimoto ikalemedwa. Kodi multi-link imagwiradi msewu bwino pokhota mpaka kuyenerera ndalama zosinthira mabushi ake ambiriwo (timphira ta m'malo olumikizira zitsulo zogwira matayala)? Nanga amakaniko a kuno angathe kuwongola matayala akumbuyo akapendekeka, kapena ndiyenera kupita ku Lilongwe?