Ndawerenganso buku la Achebe, ndadziona mwa Okonkwo. Ndithandizeni nzeru

Abale anga pagulu pano, ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Chinamwali ndipo ndimagulitsa misomali ndi simenti m'tauni muno. Mwezi watha ndikusanthula katoni ya malemu achimwene anga ndinapeza Things Fall Apart ya Chinua Achebe, chikuto chitathothoka, m'mbali chiswe chitanyenya. Ndinaliwerengapo ndili kusekondale, koma nthawi imeneyo ndinkangoloweza mayina kuti ndikhoze mayeso. Ulendo uno ndaliwerenga mausiku atatu, wina pa tochi magetsi atazima, ndipo tulo tandithawa.

Kale ndinkamuona Okonkwo, mwini nkhani m'bukuli, ngati ngwazi, katswiri wa zogwetsana. Lero ndaona munthu wamantha. Bambo ake, Unoka, anali waulesi, wokonda chitoliro ndi mowa, anamwalira ali ndi ngongole mudzi wonse. Ndiye Okonkwo moyo wake wonse ankathawa kufanana nawo. Pomwe pandibaya ndi pa Ikemefuna, mnyamata uja anakhala pakhomo pake zaka zitatu mpaka kumamutchula kuti bambo. Mudzi utagamula kuti mnyamatayo aphedwe, mkulu wina, Ezeudu, anamuchenjeza kuti asaikepo dzanja pa imfa ya mwanayo. Okonkwo anamutema yekha ndi chikwanje poopa kuti anzake amuyesa wofooka. Kuyambira pamenepo mwana wake womubereka, Nwoye, mtima unachoka pakhomo, mapeto ake n'kutsatira amishonale.

Bukuli linatuluka mu 1958 ndipo likunena za Aigbo a ku Nigeria, koma ine ndimangoona khonde langa. Bambo anga ankamwa kachasu, angongole ankabwera kudzanyamula mipando ife tikuona. Ndinalumbira kuti sindidzakhala choncho, ndipo sindinakhale choncho. Koma mwana wanga woyamba, wa zaka 16, ali Fomu 3, ndi wofatsa, amakonda kujambula ndi kukhala kukhitchini n'kumamvera nthano za agogo ake. Ndamutchulapo waulesi kambirimbiri. Dzana ndinalowa pabalaza iye akuseka ndi amayi ake. Atandiona anatseka kope lake la zojambula, n'kuliika kumbuyo, n'kutuluka osanena kanthu.

Ndiye ndikufunsa: ndimupatse bukuli kuti awerenge, mwina amvetsa chomwe chimandichititsa? Kapena ndiyambire pati? Kwathu sindinaonepo bambo akupepesa kwa mwana.

Mphunzitsi wopuma, Domasi:
Bambo, musamupatse panopa. Adzadziona mwa Nwoye n'kuganiza kuti mukumuimba mlandu wothawa pakhomo. Ngati mukufuna kuwerengera limodzi, yambani ndi za m'Chichewa zomwe sizikukhudza bala lanu mwachindunji. Funsani kwa ogulitsa mabuku akale Nthondo ya Samuel Josia Nthara, ya mu 1933, kapena Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe. Iye aziwerenga mokweza, inu muzimvetsera, agogo akenso akhale pomwepo.

Mayi wa ku Matawale:
Ine ndinali mwana wotseka kope uja. Bambo anga sananenepo mawu oti pepa. Tsiku lina anangonditenga kukagula nsomba zouma mumsika, tikubwerera anandifunsa zomwe ndimalemba m'kope langa, ndipo anamvetsera mpaka kufika kunyumba. Mpaka lero ndimakumbukira ngakhale jumbo yomwe ndinanyamula. Mupempheni akuonetseni zojambulazo, ndipo musapezepo chokonza.

Wophunzira ku Chanco:
Komatu musamutaye yense Okonkwo. Anayamba wopanda nkhokwe, n'kubwereka mbewu ya zilazi, n'kudzimangira yekha dzina. Khama lanulo si tchimo, achimwene. Mubwerere pa Obierika, mnzake uja. Iyenso anali mwamuna wolemekezeka, koma tsiku lopha Ikemefuna sanapite nawo, ndipo palibe anamuyesa wofooka.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Za Obierika ndinazidumpha ndithu, ndibwererapo usiku uno. Loweruka ndikupita kukatenga matabwa, ndimuuza mnyamatayu andiperekeze ndipo atenge kope lake. Chomwe chikundiopsa n'choti akhoza kungoyankha kuti "chabwino bambo" n'kukhala chete njira yonse. Mayi a ku Matawale, tsiku limenelo munayamba kulankhula ndinu kapena bambo anu?